Nsomba za Atate Zinachira

Fungo la madzi amchere ogonera mumgolo wadzimbiri limandipezabe mpaka lero, makamaka kukazizira m'mawa. Chaka chimenecho ine Tisa ndinali ndi zaka khumi, tikukhala kwa Mwape, ndipo atate anali ndi damu la nsomba kumunsi kwa dimba. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito ku Lusaka, kwa bwana wina amene ankaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'bokosi lagalasi. Kumeneko anatengako lamulo limene ankalinena ngati vesi: yodwala imapatulidwa, imapatsidwa mankhwala, ikachira imabwerera kwa zinzake.

Chisanu chitalimba, nsomba zina zinamera tinthu toyera ngati thonje pamsana, n'kumasambira chopendekeka. Atate anadula mgolo pakati, anautsuka ndi phulusa, n'kuuika kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango. Zodwalazo anazivuula imodziimodzi ndi kaukonde kakekake, kosaloledwa kukhudzanso damu. Mchere ankauyeza ndi kachitini, osapitirira mzere. M'mawa uliwonse ankatenthetsa madzi n'kumathira pang'onopang'ono, chigongono chili m'madzimo, kuti nsomba zawo zisamve kuzizira. Sindinawaonepo akugwira munthu mofatsa chotero.

Nyengo yomweyo amai ankatsokomola. Chifuwacho chinayamba tikukolola chimanga, ndipo pofika mu Juni chitenje chinkawazungulira kawiri. Atate anawapatula nawonso. Anawayalira mphasa m'kanyumba kosungiramo makasu, kapu yawo n'kuimanga kachingwe kofiira, ndipo ine anandiuza kuti phala ndizisiya pakhomo, osalowa. Kupusa kwa mwana, ine ndinasangalala. Ndinati kupatula kwachitika, chotsatira ndi mankhwala.

Tsiku lina mchere unatha, atate n'kunena kuti, "Mailo kukangocha ndilawila ku boma." Ndinathamanga kukauza amai, poti chipatala chili ku boma komweko ku Nyimba. Kutacha ndinawapeza atasamba, atavala diresi lawo la kutchalitchi, atakhala pakhomo pa kanyumbako nsapato zili m'manja. Atate anatulutsa njinga, pakaliyala atamangapo kale thumba lopanda kanthu.

"Amake Tisa, njila ndi yoipa, mungagwe. Muyambe mwapezako mphamvu," anatero osawayang'ana.

"Mphamvuzo ndizipezela muno m'makasu?" anafunsa amai, mawu ali pansi.

Atate anakwera njinga n'kumapita. Anabwerako madzulo thumba lili tho ndi mchere wamiyala, ndipo ulendo wotero anauyenda katatu chisanu chimenecho. Kachiwiri amai anavalanso diresi lija. Kachitatu sanadzuke n'komwe.

Nsombazo zinachira, kupatula ziwiri zokha. Atate anazibwezera m'damu Loweruka lina, ataitana anthu a m'mudzi kuti adzaone, ndipo onse anayamikira nzeru za ku Lusaka. Ine ndinadikira anthuwo achoke, ndipo ndinafunsa kuti, "Nanga amai abwelela liti m'nyumba?" Anandiuza kuti ndikatsuke mgolo.

Amene anawatulutsa m'kanyumbamo anali amalume, mlongo wawo wa amai, atabwera kuchokera kwa Sandwe kudzacheza. Sanakhale n'komwe pansi. Anabwereka ngolo ya ng'ombe, anawagoneka pabulangeti, n'kunyamuka osatsanzika mwini khomo. Amai anagona m'chipatala masiku anayi, tsiku lotsatira anamwalira. Anamwino anauza amalume kuti akanayenera kubwera nawo mu Juni.

Kwa zaka zambiri ndinkawaikira kumbuyo atate. Ndinkati mankhwala a nsomba ankawadziwa, a munthu sankawadziwa, ndipo munthu sungamuimbe mlandu pa chimene sadziwa. Nditakula ndinamvetsa kuti ankadziwa bwinobwino. Ankaopa kuti akawapititsa amai, iwonso akawatenga magazi n'kuwapeza ndi kachilombo, ndipo mudzi wonse ukamva. Zimandipwetekabe mtima, ndipo sindinawakhululukire.

Patapita zaka ziwiri atate nawonso anayamba kutsokomola. Sanadikire kuti apezeko mphamvu. Anapalasa okha mpaka ku Nyimba sabata yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonyepo tsiku lokatenga mankhwala. Ali moyo mpaka lero, akalamba bwino, ndipo madamu tsopano ali nawo atatu.