Ndolo za Nsomba za ku Nyanga

Dzulo mdzukulu wanga anandifunsa za chipsera cha pakhutu langali, mtima n'kubwerera ku Mufakose, kukomboni komwe ndinakulira, ufulu utangobwera kumene.

Bambo anali khukhi wa mzungu wina wokonda kuwedza nsomba za trauti ku Nyanga. Posamukira ku Joni, mzunguyo anawasiyira kachitini ka nyambo zake: tizitsulo tonyezimira ndi tinthenga tofiira tomangirira pa mbedza. Ine ndinkangoti ndi ndolo za adona.

Lamlungu lililonse bambo ankakatsegula, koma wololedwa kugwira anali mkulu wanga Esinati yekha.

"Madzi akada, sankha chonyezimira," ankamuuza. "Akayera, ponya kanthenga. Trauti ndi wochenjera."

"Nanga ine, bambo?"

"Iwe uli ndi phuma. Uziona ndi maso."

Za madzizo sindinkazimva. Ndinkangoona Esinati akusankha ndolo, ine makutu ali pululu. Tsiku lina ndinaba chonyezimira kuposa zonse, n'kukabisala kuseri kwa chimbudzi ndi kagalasi kosweka. Ndinaluma mano, n'kubaya khutu. Sindinkadziwa kuti mbedza ili ndi kamunga kobwerera m'mbuyo, ikalowa situluka. Kukuwa kwanga kunasonkhanitsa mzere wonse wa nyumba.

Bambo anaidula ndi pulayazi, akuseka mpaka misozi. "Maiwe! Zaka zonsezi ndikunyamulira bwana thumba, nsomba yanga yoyamba ndi iyi!"

Atamwalira, kachitini kanapita kwa Esinati, yemwe sanawedzepo ngakhale kamodzi. Ndikakaona pakabati pake pamandiwawabe, koma osati pakhutu.