Diso la a Sipoko

A Sipoko anagawa makalata kwa zaka makumi atatu, ndipo dzinali anawapatsa ndi anzawo a ku positi ofesi chifukwa cha kuwonda ngati sipoko ya njinga. Njinga yawo yofiira inkadziwika pa geti lililonse m'tauniyo, ngakhale agalu anali atatopa kuiuwa. Atapuma pa ntchito mawondo anayamba kukana, koma mtima sunatsike panjinga. Chaka chilichonse mpikisano waukulu wa akatswiri a njinga ukayamba, ankakhazikika pa benchi kwa mlamu wawo wometa tsitsi, mphuno pafupi ndi kanema, mpaka tsiku lomaliza. Ankadziwa wolimba pa chikweza ndi wongodikira potsetsereka. Obwera kudzameta ankaseka kuti madalawa amapuma wefuwefu kuposa opalasawo.

Chaka chimenecho kunamveka kuti mpikisanowo udzadutsa m'tauni mwawo Loweruka lina, ndipo udzakhota pa sitolo ya mankhwala, kuseri kwa nyumba yawo. A Sipoko anali asanawaonepo akatswiriwo maso ndi maso. Koma maso awowo ndiwo anali vuto. Ng'ala inali itaphimba lakumanzere kalekale, ndipo lakumanja nalo linkaona zinthu ngati zili mu utsi. Anali atadikira opaleshoni miyezi isanu ndi itatu. Kuchipatala anaimba foni kuti abwere Lachinayi la sabata yomweyo.

Iwo anati angouza adokotala asunthe tsikulo. Akazi awo, amene ankasita zovala, sanadzutse n'komwe mutu.

"Mukaona chiyani ndi maso amenewo, bambo? Dzana munapatsa moni diresi langa lili pa chingwe."

A Sipoko anavomera zopita Lachinayilo. Komabe mtima unali m'mwamba. Nanga bandeji akapanda kuichotsa msanga? Nanga dzanja la dokotala likaphonya, n'kuwazimitsira ndi kautsi komwe kanawatsalirako? Chakudya chinasiya kulowa. Lachitatu anapita pa kona ija kawiri konse, akupapasa phula ndi ndodo, n'kubwerako akudandaula kuti pali kamchenga koti katswiri akhoza kuterereka. Mlamu wawo anawauza kuti adzidere nkhawa okha, popeza opalasawo ali ndi owasamala.

Lachinayi anawagoneka pa kabedi kopapatiza, nyali yowala ili pamwamba pa diso lakumanja. Dokotala anali mayi wachichepere wa mawu ofatsa. Asanayambe, a Sipoko anamufunsa ngati munthu angaone njinga yothamanga patangopita masiku awiri. Iye anaseka pang'ono n'kunena kuti sangalonjeze, maso amasiyana. Anawaletsa fumbi, dzuwa ndi kukankhana ndi anthu.

Bandeji anaichotsa Lachisanu m'mawa. Diso linkangotuluka misozi, ndipo nkhope ya namwino inali mbuu. Namwinoyo anati zimatero, liyera pang'onopang'ono. Kunyumba a Sipoko anaswera kutsogolo kwa kalendala ya pakhoma. Ankatseka diso, kuwerenga mpaka makumi awiri, n'kulitsegula. Masana anaona mizere yokha. Dzuwa litapendeka anatha kuwerenga dzina la mwezi, koma manambala ankasambirabe. Akazi awo anawachotsapo, nati diso si tcheni choti n'kumachiyesa mphindi iliyonse.

Loweruka mlamu anatseka shopu, chinthu chimene sankachita ngakhale adwale. Ananyamula mpando, nauika patsogolo penipeni pa zitsulo zotchingira msewu, iye n'kuima kumbuyo kuti anthu asawakankhe. Akazi awo anagwira ambulera. A Sipoko anakhala pansi ndi magalasi akuda. Ola linatha. Wina anati njira aisintha, koma wapolisi anatsutsa bodzalo.

Kenako kunabwera njinga zamoto, magalimoto, ndi phokoso la anthu likuyandikira kuchokera kumtunda. Gulu lalikulu la opalasa linadutsa ngati mphepo. A Sipoko anangoona mitundu, wofiira, wachikasu, wobiriwira, ndipo asanazindikire aliyense onse anali atakhota. Mtima unawawawa. Anayamba kufunafuna ndodo kuti adzuke.

Ndipamene kunatulukira katswiri mmodzi wotsalira, yekhayekha. Anadutsa pafupi kwambiri moti a Sipoko anaona kabudula wong'ambika, magazi pa bondo, ndi pakamwa pali yasa. Anawerenga nambala ya kumsana kwake, 114, popanda wowauza. Anali mwana wamng'ono ndithu, wochepa kuposa mmene amaonekera pa kanema.

"Mwawaona?" anafunsa akazi awo.

"Ndaona mmodzi. Wavulala, koma sanatsike."

Anthu anayamba kubalalika. Akazi awo anayang'ana wotchi, natulutsa kabotolo m'chikwama. Anawavula magalasi, nawapendeketsa mutu pomwepo pamsewu, n'kuwadonthezera mankhwala a masana.