Mpeni wa alenje ndi chiwindi cha a Tembo

Loweruka lapitali, nthawi ya 14 koloko, ndinagwada pansi pa mtengo wa mango kuti nditumbule mbuzi. Isanakwane 15 koloko, dimba linali litayamba kundithawa.

Ndifotokoze bwino. Ine ndine mkamwini ku Pembamoyo. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikupempha kadimba ka kumtsinje kwa a Tembo, atsibweni a mkazi wanga, amene amagawa malo a mbumba yawo. Tsikulo anabwera kuchokera ku Zingalume kudzapereka yankho. N'chifukwa chake mbuzi inafa.

A Tembo mano anawatsalira anayi. Pa mbuzi yonse, chawo ndi chiwindi basi.

Tsono ndinali ndi mpeni watsopano, wogula pamsika kuboma. Wogulitsa anati ndi wa alenje. Ine chibadwire sindinasakepo nyama yoposa mbewa, koma mawuwo anandikomera. Chimake chakuda, chitsulo chowala ngati kalilole, chigwiriro chosalala chokhala ndi mipata ya zala, timisomali titatu tonyezimira. Ndinaumangirira m'chiuno kuyambira m'mawa, ngakhale popita kuchimbudzi.

Mlamu wanga Yosefe, amene ankagwira miyendo ya mbuziyo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwavalatu ngati mukukapha njati. Ndi mbuzi iyi."

"Gwirani mwendo," ndinatero.

Posenda chikopa zinayenda bwino, poti manja anali ouma. Nditangolowetsa manja m'mimba, magazi ndi mafuta zinasandutsa chigwiriro chija sopo. Mipata ya zala ija anayezera dzanja la munthu wina, wamkulu kuposa ine, moti chala changa chaching'ono chinkangolendewera. Ndinafinya kwambiri. Ndiye pochotsa ndulu pachiwindi, pamene pamafunika nsonga yokha ndi mtima wodekha, chitsulo chinatembenuka chokha m'kati mwa chigwiriro. Phu! Chiwindi chonse biriwiri.

"Njati yabwezera," anatero Yosefe.

Tinatsuka katatu. A Tembo analawa kamodzi, n'kutsinzina, n'kubweza nthuliyo m'mbale mwaulemu. Kenako anapempha kuona mpeniwo. Anaugwedeza pafupi ndi khutu, unalira. Anakoka, chitsulo chinasolokamo ngati dzino logwedera. Msuka wake, mchira uja wolowa m'chigwiriro, sunkafika n'komwe pakati. Timisomali tija tinali mitu yokha, yomata ndi guluu.

"Akamwini," anatero, "mpeniwu munagula ndi maso kapena ndi dzanja?"

Za dimba sanatchule. Anapita kukagona kwa mlongo wawo, apongozi anga aakazi.

Musandiseke msanga. Inu pogula mpeni mumatani? Mumakhudza kunsonga ndi chala, mumameta tiubweya ta pamkono, basi mwakhutira. Kuthwa ndi nkhani yaing'ono, mwala uliwonse wa kumtsinje umanola. Ndani ananyowetsapo dzanja pamsika kuti aone ngati chigwiriro chikhala m'manja? Ndani anafunsapo kuti chitsulochi chalekezera pati m'katimo?

Chodabwitsa n'chakuti pa khasu sitipusa. Munthu amazungulira tchire tsiku lonse kufuna nthambi ya mpini, amaisema, amaiyeza ndi msinkhu wake, amaotcha msuka kuti ulowe mothina. Mutamupatsa khasu logwedera, amakubwezerani pomwepo. Koma munthu yemweyo akaona mpeni wa chimake, nzeru zonse zimatsikira m'chiuno. Amaiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo tikunena zoona, ambirife mpeni wotere sitigulira mbuzi. Timagulira anthu oonerera. Tayang'anani pa ukwati kapena pamaliro: ovala mipeni m'chiuno amaima chapatali n'kumalangiza, pamene nyama akuduladula ndi bambo wina wachete, wa kampeni kakuda kosula kuchokera ku chikwanje chakutha. Chitsulo chake chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kumapeto, matabwa awiri m'mbali, misomali yotulukira mbali inayo, pamwamba atakulunga mphira ya chubu cha njinga. N'konyansa. Koma kanyowe ndi magazi, kapakeni mafuta, sikasuntha m'dzanja.

Kodi ndi mipeni yokha imene timasankha chonchi?

Lamulungu m'mawa, belu la tchalitchi lisanalire, ndinagwira tambala wanga wamkulu n'kupita naye kumene a Tembo anagona. M'chiuno munalibe kanthu. Ndinawapeza pakhonde akuothera dzuwa, ndipo ndinagwada n'kupereka tambalayo.

Anamuyeza kulemera, n'kundibwezera.

"Tambala nayenso ali ndi ndulu, akamwini."

Ndinapempha apongozi aakazi kampeni kawo kosendera mbatata, ka chigwiriro cha nsungwi chomanga ndi waya. Ndinayamba ndanyowetsa dzanja, n'kukafinya, n'kukagwedeza. Sikanalire. Ndulu ya tambala ndi yaing'ono ngati nyemba, ndipo ndinaichotsa thukuta lili kamukamu, a Tembo atandiweramira paphewa.

Chiwindi chitawotchedwa, anatafuna nthawi yaitali ndi mano awo anayi aja. Anameza, napukuta pakamwa.

"Dimba mukalime," anatero. "Koma khasu ndikusankhirani ndine."