Bulauzi yachikasu pamwamba pa zakuda

Bambo a kunyumba kwanga atamwalira, abale awo anandiveka zakuda kuyambira mpango mpaka nsapato. Kwawoko wamasiye savula yekha. Amadikira kuti akuchimuna afulule mowa, amumete, amusudzule. Mwini mawu pa nkhaniyi anali alamu anga, mlongo wamkulu wa malemu, amene amakhala ku Area 25. Chaka chinatha iwo akungoti mwezi wamawa. Kenako anatumiza uthenga kuti ndiviike mawere a chimera, mwambo uchitika pakapita masabata atatu. Ndinaviika tsiku lomwelo.

Loweruka la sabata imeneyo kunabwera anzanga awiri a mumsika wa Kawale. Wina amagulitsa kaunjika, wina tomato pafupi ndi benchi langa la nyemba.

"Amayi inu muwolera m'nyumba muno," anatero wa kaunjika. "Tiyeni mukaone kumene mabwana amafulula masese awo."

"Ndi zakudazi?"

Anasolola bulauzi yachikasu m'chikwama. "Valani pamwamba. Akakuonani ndani? Alamu anu malo amene amawadziwa ndi tchalitchi ndi chigayo."

Ndinavala. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo pofika pa siteji ya minibasi nsalu ziwirizo zinali zitandimata pamsana.

Malowo anali bala ya ku mayadi. Kuseri kwa galasi kunali matanki achitsulo onyezimira, koma fungo linali lomwe lija la chimera chili pamoto, limene ndinakula nalo. Mayi wina wovala epuloni anabweretsera aliyense thabwa la mabowo asanu, m'bowo lililonse muli katambula. Mowa woyamba unali ngati mafuta ophikira, womaliza wakuda bii. Anati tiyambe ndi woyerawo, tizilawa pang'onopang'ono. Panabweranso tchipisi, mapiko a nkhuku a tsabola ndi soseji yoduladula.

"Timatambula timeneti si toyezera mankhwala a chifuwa?" anafunsa wa tomato.

Wa kaunjika analumphira wachitatu, nkhope yake ndi kukwinyika. "Uwu ndiye nimu weniweni! Amene ali ndi malungo amwe."

Ine ndisanalawe, dzanja linachita lokha zimene ndinkaona zaka zonse za ukwati wanga. Malemu sankamwa mowa asanadonthetse pang'ono pansi, ati kumwetsa atate awo. Ndinapendeketsa katambula, mowa ndi kudontha pa matailosi. A pa tebulo lina anacheuka. Mayi wa epuloni anabwera ndi mopu, ndipo popukuta pakati pa mapazi anga anayang'ana nsapato, kenako diresi. Anangoti, "Pepani, amayi," chapansipansi.

Wakudawo ndi umene ndinaukonda. Unkakoma ngati chimanga chokazinga chimene chapserera pang'ono. Ndinaseka tsiku limenelo mpaka nthiti kuwawa, ngakhale maso anga sankachoka pa khomo. Wa kaunjika anatijambula titakweza matambula m'mwamba, ndi kuika chithunzicho poti onse amene ali ndi nambala yake aone. Ine sindinadziwe kuti zimayenda choncho. Foni yanga ndi ya mabatani.

M'mawa mwake pobwera ku tchalitchi ndinapeza alamu atakhala pa khonde. Madzi anakana. Ananditambasulira foni yawo, chithunzi chija chili pamenepo.

"Alamu, wachikasuyu ndani?"

"Ndine."

"Ndiye mwadzisudzula nokha. Mowa mwamwa kale, ife tifululirenji?"

Ndinagwada. Ndinawauza kuti zakuda sindinavule, zinali mkati, ndiponso kuti dontho loyamba ndinathirira mlongo wawo.

"M'bala? Mlongo wanga mwakamumwetsa pa matailosi?"

Anadzuka, anakutumula chitenje, ndi kunena kuti akakambirana ndi amalume kumudzi, mwina anthu akakolola.

Wa kaunjika anabwera kudzapepesa, akulira kuposa ine. Ndinamubwezera bulauzi yake yochapa ndi yosita. Sindinamusungire mkwiyo, chifukwa sanandikoke ndi chingwe.

Mawere aja anamera bwino. Ndinawayanika, ndinakagayitsa, ndipo chimera chili m'thumba kuseri kwa chitseko. Anthu anakolola kalekale, chimanga chatsopano chafika ndi mumsika momwe. Diresi yakuda yayamba kutuwa m'mapewa. Loweruka lililonse ndimatulutsa chimeracho padzuwa kuti chisafumbwe, ndipo foni ndimaiika pafupi, pa mphasa pomwepo.