Mwini Wake Aime pa Galasi

Dzuwa la chaka chimenecho linayamba msanga. Pofika eyiti koloko malata anali atayamba kale kulira, ndipo mumsewu wonse munalibe chitseko chotseka. Nyengo yotere imafuna nsalu yopepuka. Anthu ankabwera kwa a Telala zovala zili m'manja, pempho lili limodzi: dulani manja, tsegulani khosi, tifa nako kutenthaku.

A Telala ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Shopu yawo ndi chipinda chimodzi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza njinga. Muli makina atatu opalasa ndi mwendo, tebulo lodulira nsalu, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Asoka zaka makumi awiri, ndipo atsikana amene aphunzira pa makina amenewo ndi ambiri. Lamulo lawo ndi limodzi: sasintha chovala mwini wake asanaime pa galasi n'kunena ndi pakamwa pake.

Chaka chimenecho ophunzira anali awiri. Wina ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Winayo anali Kasingano, woonda, wamanja achangu, amene anali atangomaliza kusoka diresi lake loyamba, lachikasu.

Tsiku lina Lachiwiri, Kasingano sanabwere. Kunabwera chibwenzi chake, mnyamata wa nsapato zowala, diresi lachikasu lili kukhwapa.

"Mayi, muikepo manja aatali. Khosili mutseke, kumunsiku muwonjezere."

"Kutentha konseku, achimwene? Mukufuna kumuphika mwana wa eni?"

"Ndi zimene tagwirizana. Komanso masana asiya kubwera kuno. Pamadutsa amuna ambiri pano."

"Amadutsadi. Ndi msewu." A Telala anapinda diresi lija n'kuliika patebulo. "Mwini wake abwere."

"Koma wolipira ndine."

"Wovala ndinu? Ngati ndinu, kwezani manja ndikuyezeni."

Wailesi anaseka mpaka kugwetsa mapini. Mnyamata uja anatuluka osatsanzika.

M'mawa mwake Kasingano anafika maso ali pansi. "Mayi, ingochitani zimene wanena."

"Vala kaye. Ima apo."

Anavala, n'kuima pa galasi. Diresi linamukhala bwino zedi, moti wometa tsitsi anasuzumira pakhomo n'kunena kuti dzuwa latulukanso kachiwiri. A Telala anamufunsa mafunso amene amafunsa munthu aliyense woyesa chovala.

"Puma kwambiri. Likukugwira? Kweza manja. Khala pansi. Yenda mpaka pakhomo."

Silinamugwire paliponse.

"Nanga mnzako uja, ukakhala naye umapuma chonchi?"

Kasingano anaseka pang'ono. "Ndi nsanje chabe, mayi. Amandikonda."

"Zoona zimenezo," Wailesi analowerera. "Wanga amaimba foni kakhumi patsiku. Mwamuna wopanda nsanje ndi mlongo wako."

"Ukapanda kuyankha amatani?" anafunsa a Telala.

"Amanyanyala mpaka madzulo, kenako amabwera ndi switi."

"Nanga iwe, Kasingano? Foni yako ili kuti?"

"Amandisungira. Akuti diresi langa lilibe thumba, ingatayike."

"Mnzako wa kusukulu uja, wa mano otalikirana, unamuona liti?"

"Akuti ndi wopanda khalidwe."

"Mchemwali wako?"

Kasingano anachotsa maso pa galasi.

A Telala anachotsa mapini pakamwa. Si munthu wolalikira, ndipo nkhani iyi amaikamba kamodzi kokha kwa gulu lililonse.

"Mwamuna wanga woyamba anandigulira makina awa apakatiwa. Anthu ankandisirira. Koma m'mawa uliwonse popita kuntchito ankachotsa lamba wa makina n'kuika m'thumba la jekete. Ndinkasoka iye akakhalapo basi. Sanandimenyepo ngakhale kamodzi, ndiye ndinkati ndilibe chodandaula. Zaka zisanu ndi chimodzi, ana inu. Tsiku limene mayi anga aang'ono anadwala, ndinadzipeza ndaima pakhomo, ndikudikira munthu woti andilole kukawaona."

 

"Nanga bambo alipowa?" anafunsa Wailesi, akuloza khoma la wokonza njinga.

"Awowo? Ndinawayesa miyezi isanu ndi itatu. Ndinkawakanira dala tinthu tating'ono kuti ndione nkhope yawo ikamva mawu oti ayi."

"Ndipo ndinamva ayi wambiri!" anakuwa mwamuna wawo kuseri kwa khoma. "Mpaka lero ndikumumvabe!"

Onse anaseka, Kasingano akupukuta m'maso.

"Sindikuti umusiye, mwana wanga," a Telala anatero. "Zimenezo ndi zako. Koma umukanire chinthu chimodzi, uone. Munthu wokukonda amakhumudwa, kenako mumakambirana. Wofuna kukusunga m'thumba amakulanga. Ndipo pokamuuza usapite wekha. Utenge mchemwali wako, mukumane poyera, masana. Akakuopseza, ubwere undiuze tsiku lomwelo."

"Akandisiya?"

"Udzalira sabata imodzi, Wailesi adzakuimbira nyimbo, udzachira kuti asiye."

"Ine mawu anga ndi abwino, mayi!"

Kasingano anayang'ananso pa galasi. Anatembenuka uku ndi uku, nsalu yachikasu ikumutsatira. Panja mphepo yotentha inkakankha masamba ouma mumsewu.

"Manja akhale momwemo," anatero. "Khosinso. Masana ndizibwera."

"Wanena ndi pakamwa pako?"

"Ndi pakamwa panga." Anasisita m'mbali mwa diresi. "Koma pali chimodzi choti chisinthe. Ndikufuna thumba. Lalikulu, lokwana foni."

"Limenelo usoka wekha. Nsalu yotsala ili m'katoni umo."

Wailesi anam'bwereka foni yake kuti ayezere kukula kwake, ndiponso kuti aimbire mchemwali wake. Anacheza nthawi yaitali kuposa mmene Wailesi ankayembekezera, mpaka mwini foniyo anayamba kudandaula za mayunitsi ake.

Dzuwa litapendeka, Kasingano anakhala pa makina apakati. Anajambula thumba ndi choko, anadula, anasula msoko wa m'mbali mwa diresi, n'kulowetsamo kansalu kaja. Anapalasa pang'onopang'ono, kenako mofulumira. Atafika kumapeto anabwereza msoko kawiri, anakweza singano, n'kudula ulusi.