Chitsononkho pa Injini

Amuna anga popita ku Joni anandisiyira makolo awo ndi galimoto, nkhalamba ya dizilo yokhala ndi tebo, chopopera mpweya mu injini. Tsiku lomaliza anandiimika pa boneti pafupifupi ola lathunthu. Zoti adzandisowa sananene, nkhani inali ya kapaipi kakuda kochoka pamwamba pa injini. Ankati injini imapumira pamenepo: mpweya wotentha wosakanikirana ndi oyilo umatulukira m'menemo, kudutsa m'kasefa ka waya, n'kubwerera kumene injini imakokera mpweya. Mwezi uliwonse ndizitsuka kasefako m'parafini. Chachikulu, kapaipiko kasadzatsekeke.

Ndinatsuka miyezi itatu. Kenako magetsi m'dera lathu la Unit L anayamba kuthima masiku athunthu, parafini n'kusanduka wophikira, wosowanso. Ndisambitse chitsulo parafini, ana akudikira phala? Ndinasiya. Kasefa kanadzaza phula, kapaipi kanang'ambika pakhosi, oyilo n'kumadontha pansi.

Madonthowo anawaona ndi apongozi anga aamuna. Iwowa anayendetsa thirakitala pa famu ya fodya zaka zambiri mafamu asanalandidwe, ndipo sankakhulupirira kuti kuli injini imene ingawaphunzitse kanthu. M'mawa wina ndinawapeza atazula kapaipi kaja, akukhomerera chitsononkho cha chimanga pabowo, n'kumanga ndi mphira wa chubu.

"Oyilo sakupezeka, muroora," anatero akuyang'ana kumbali, kunditchula mkazi wa mwana m'chiyankhulo cha kuno. "Ndiye tizingothirira nyerere?"

Ndinagwada, n'kuti, "Eya, baba." Kwathu mkazi wa mwana sawongola apongozi aamuna, ngakhale kuwayang'ana m'maso. Mawu amadzera kwa apongozi aakazi. Ndinawauza akusenda mbatata, iwo n'kungoseka. "Asiyeni, mwanangu. Zitsulo ndi zawo zimenezo." Mawu anga anathera pa mbatatapo.

Patapita sabata injini inayamba kudandaula yokha. Kachitsulo koyezera oyilo ndinkakapeza katatukuka popanda wokakhudza. Ndikamasula chitsekerero cha oyilo, mpweya unkaphulika ngati ndatsegula botolo la thobwa lowira. Kumbuyo kunkatuluka utsi wabuluu. Ndinkaopa, ndiponso ndinkapsa mtima. Kawiri ndinapita kuti ndikazule chitsononkhocho, koma bambowo ankakhala pampando pafupi ndi galimoto tsiku lonse, kulondera akuba dizilo. Ndinkangopukuta galasi n'kubwerera.

Nyengo yomweyo kolera inalowa. Mipopi inauma, madzi a m'zimbudzi ankayenda mumsewu, ndipo nyimbo za maliro zinkasuntha nyumba ndi nyumba kulowera kwathu. Pa mzere wathu wonse galimoto yoyenda inatsala yathu yokha. Dizilo pang'ono tinamubisa m'chigubu kunsi kwa bedi, wa tsiku limene wina wa ife adzagwe.

Anagwa ndi apongozi aakazi, tsiku lina masana. Pofika nthawi yowanyamula maso anali atalowa, khungu ukalitsina osabwerera. Tinawagoneka kumbuyo, mutu pamiyendo ya amuna awo, ine n'kuyendetsa kulowera kuchipatala.

Chakumayambiriro kwa dera la Zengeza 4 ndinaponda kwambiri kuti ndidutse kombi yonyamula anthu, injini n'kukuwa. Ndinachotsa phazi, kukuwako n'kumakulirakulira. Ndinazimitsa, kiyi ndinamuzula. Ndinali naye m'manja, koma injini ikulirabe. Mpweya wosowa potulukira uja unali utakankhira oyilo mu tebo, ndipo injini inali ikumwa oyilo wake womwe, dizilo ilibe naye ntchito. Utsi unakuta msewu, azimayi ogulitsa tomato n'kuthawa kusiya mabeseni. Ndinakanikiza buleki ndi mphamvu zanga zonse, ndinalowetsa giya yomaliza, n'kusiya kilatchi. Galimoto inanjanja, m'kati munathyoka chinthu, kenako zii.

Palibe woyendetsa amene anafuna kuima atawona amene tanyamula. Mayi wina wogulitsa madzi anatsitsa zigubu zake n'kutibwereka wilibala. Bambo ankakankha, ine ndikugwirira miyendo kuti isakhulike pansi. Ulendo wa mphindi zochepa unatidyera ola ndi kupitirira. Nesi anafufuza mtsempha padzanja ili, padzanja linalo, kuphazi, osaupeza. Dzuwa lisanalowe anatuluka n'kutiuza kuti amayi atisiya.

Tinakhala panja pa mpanda, aliyense pa mwala wake. Patapita nthawi apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatiwireni.

"Munkadziwa kuti mota ichita zimenezi?"

Ndikanatha kukana. "Ndinkadziwa, baba."

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinkafuna andikalipire, kuti nanenso ndipeze pokalipira. Koma iwo anangovula chipewa, n'kuchiika pabondo.

"Mwanangu," anatero, "ndiye kuti ine mumandiopa kuposa maliro?"