Chithunzi Chopanda Munthu

Chaka chimene fakitale inachepetsa antchito, ine ndi atate tinachotsedwa m'mwezi umodzi, ndipo posakhalitsa fakitaleyo inatsekedwa. Atate anamanga katundu kubwerera kumudzi ku Petauke. Ine ndinakana kuchoka ku Kafue. Ndinagula kamera yakale ndi njinga, n'kuyamba kuzungulira ku Estates, dera la nyumba za antchito, kujambula maukwati.

Patapita nthawi mlongo wanga anabwera ndi uthenga. Maso a atate anali atayamba ng'ala, ndipo asanaleke kuona ankafuna chithunzi cha phiri la kumpoto kwa tauni, limene ankaliyang'ana m'mawa uliwonse popita kuntchito. Ankalifuna lobiriwira, monga limakhalira mvula ikagwa.

Uthengawo unandipeza mu Juni, ndipo mtima sunandilole kudikira mvula. Pa filimu iliyonse ya ukwati ndinkasiya malo kumapeto ojambulapo phirilo. Ndinalijambula m'nyengo yozizira, nkhungu ya kumtsinje italifika m'chiuno. Osaka mbewa atalitentha linada bii ngati kunsi kwa mphika, koma ndinalijambulabe. Mu Okutobala linkangooneka mwa apo ndi apo m'fumbi.

Filimu tinkapita nayo ku Lusaka pa minibasi, kumene kunali makina otsukira zithunzi. Zithunzi zikabwera, akwati onse analimo, phiri ayi. Ndinkadziyesa mbuli, ndipo mkazi wanga ankati ngakhale phiri likundithawa. Tsiku lina ndinaunika filimu yotsuka padzuwa. Phiri linalimo lonse!

Ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba, n'kukaima pamaso pa mnyamata wa pamakina.

"Nanga ivi simunavichose chifukwa chani?"

"Vinaonongeka, bakamba. Mulibe muntu."

"Ni phiri!"

"Manje nindani angafune pikicha ya phiri? Tenze kukutandizani."

Ndinapsa mtima kwambiri. Anapepesa, koma pamakinapo ankasinthana anthu, ndipo aliyense anali ndi nzeru yomweyo. Sindikanasiya nkhani ya atate m'manja mwa anthu otere.

Mu Disembala mvula inavumba, m'mawa kunacha kowala. Dzuwa linamenya phirilo cham'mbali, mitengo yonse ili biriwiri. Ndinakoka mkazi wanga asanatsuke ndi kumaso komwe.

"Imilila apa pakona. Bafuna muntu, nizabapasa muntu."

Anaima atakwinya nkhope, chitenje chili pachifuwa. Ulendo uno a pamakina aja chithunzicho anachitsuka.

Ku Petauke ndinapeza atate akuyenda mogwira khoma. Anatuluka nacho chithunzicho pabwalo, n'kuchiyandikiza mpaka chinakhudza mphuno. Chala chawo chinakwera phiri pang'onopang'ono, chinatsika, kenako chinaima m'munsi, pamene panaonekera chumuni ya fakitale. Ine pojambula sindinaisamale n'komwe.

"Siifuka?"

"Siifuka, batate."

"Nenze kuganiza kapena banayamba kusebenza, banangoniibala ine."

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Kenako anaitana amayi, nawauza kuti ovolosi yawo ya kufakitale, imene ankaichapitsa mwezi ndi mwezi, aipereke kwa mwana wa mlongo wanga, azivala kumunda.